Bokosi la mafayilo likadzaza: zoyenera kudziwa tisanagule disiki ina

Sukulu ya masiku ano imasunga zinthu zambiri zimene sizili papepala. Mayina a ophunzira, malikisi a teremu iliyonse, malisiti a fizi, mapepala a mayeso akale a JCE ndi MSCE, zithunzi ndi mavidiyo a zochitika za pasukulu, zonsezi zimakhala m'makompyuta. Pofuna kuti zisamwazikane m'malaputopu ndi m'mafulashi a anthu osiyanasiyana, masukulu ndi maofesi ambiri amagula bokosi limodzi losungiramo mafayilo onse. Pa Chingerezi amalitcha Network Attached Storage, mwachidule NAS.

Bokosi lotere limadzaza ndithu. Likadzaza, pempho la ndalama zogulira disiki ina limafika kwa ahedi, kenako kwa inu makolo ndi akuluakulu a komiti. Kuti pempho lotere liweruzidwe bwino, pali mfundo imodzi yofunika kuigwira: nthawi imene tikukulitsa malo m'bokosi ndi nthawi yomweyo imene mafayilo amakhala pachiswe kuposa nthawi ina iliyonse. N'chifukwa chake ntchitoyi ili ndi ndondomeko yake. Timayamba kuwerengera ndi kusesa, kenako kukopera zonse kwina, ndipo kukulitsa kumabwera pomaliza.

Kodi NAS ndi chiyani?

NAS ndi kompyuta yaing'ono yopanda sikirini ndi kiyibodi. Kutsogolo kwake kuli timipata tolowetsamo madisiki. Mabokosi ena ali ndi timipata tiwiri, ena tinayi, ena toposa pamenepo. Kumbuyo kuli chingwe chopita ku rauta ya sukulu. Aliyense amene wapatsidwa dzina lolowera ndi pasiwedi angathe kutsegula mafayilo ake ali m'chipinda cha makompyuta, mu ofesi kapena m'chipinda cha aphunzitsi, malinga ali pa netiweki ya sukulu. Pochita zimenezi sipafunika intaneti ndipo sipapita bandulo.

Makampani odziwika bwino opanga mabokosiwa ndi Synology ndi QNAP, onse a ku Taiwan. Anthu ena amasandutsa kompyuta yakale kukhala NAS poikamo pulogalamu ya TrueNAS. Mfundo zikuluzikulu n'zofanana, koma kuti tisamadumphedumphe titenga chitsanzo chimodzi: bokosi la Synology la timipata tinayi, limene limayendetsedwa ndi pulogalamu yotchedwa DSM.

M'bokosi limeneli malo amakonzedwa mosanjikiza. Madisiki akaphatikizidwa amapanga chimene DSM imachitcha storage pool. Tingachiyerekeze ndi puloti. Papulotipo pamamangidwa nyumba, imene ndi volume. M'nyumbamo muli zipinda, zimene ndi mafoda amene aphunzitsi ndi ophunzira amaona akalowa. Kuika disiki yatsopano kumakulitsa puloti. Nyumba nayo iyenera kukulitsidwa kuti zipinda zipeze malo. Dziwaninso kuti pa Synology volume imatheka kuikulitsa koma sitheka kuichepetsa, choncho chimene mwasankha lero mukhala nacho nthawi yaitali.

Chifukwa chake manambala sagwirizana

Munthu akagula madisiki awiri a 4TB amayembekezera kupeza 8TB. Akayatsa bokosi n'kuona malo osapitirira 3.6TB amayamba kuganiza kuti wogulitsa wamupusitsa. Zifukwa zake ndi ziwiri, ndipo palibe chakuba.

Choyamba ndi kawerengedwe. Opanga madisiki amawerenga m'magulu a 1,000: 1,000KB ndi 1MB, 1,000MB ndi 1GB, 1,000GB ndi 1TB. Makompyuta ambiri amawerenga m'magulu a 1,024. Kusiyana kwakung'onoku kumakula pa sitepe iliyonse, moti disiki ya 4TB imaoneka ngati 3.64TB ndipo ya 8TB imaoneka ngati 7.28TB. Pamwamba pa izi, DSM imadzitengera kagawo kochepa pa disiki iliyonse. M'nkhani ino tigwiritsa ntchito manambala olembedwa pa madisiki kuti masamu asavute.

Chachiwiri, chimene ndi chachikulu, ndi njira yotetezera mafayilo yotchedwa RAID. Dzinali linatchuka mu 1988 chifukwa cha nkhani ya kafukufuku imene David Patterson, Garth Gibson ndi Randy Katz a pa University of California, Berkeley analemba. Ganizo lake ndi lakuti disiki iliyonse idzafa tsiku lina, choncho madisiki angapo agwirire ntchito pamodzi m'njira yakuti imodzi ikafa mafayilo asafe nayo. Chitetezo chimenechi timachilipira ndi malo. Mitundu imene mudzakumane nayo kawirikawiri ndi iyi.

RAID 0 imagawa fayilo iliyonse tizidutswa n'kutimwaza pa madisiki onse. Madisiki awiri a 4TB amapereka 8TB yathunthu, koma imodzi ikafa zonse zapita. Njira imeneyi siyenera kusungira zinthu za sukulu.

RAID 1 imalemba chilichonse kawiri, pa disiki iyi ndi pa inayo. Madisiki awiri a 4TB amapereka 4TB. Imodzi ikafa, inayo ili ndi zonse.

RAID 5 imafuna madisiki atatu kapena kuposa. Malo ofanana ndi disiki imodzi amapita ku chitetezo. Atatu a 4TB amapereka 8TB, anayi amapereka 12TB. Imapirira kufa kwa disiki imodzi.

RAID 6 imafuna madisiki anayi kapena kuposa. Malo a madisiki awiri amapita ku chitetezo, choncho anayi a 4TB amapereka 8TB. Imapirira kufa kwa madisiki awiri.

Ophunzira okonda masamu amvetsa msanga mmene RAID 5 imabwezera zotayika. Tiyerekeze ophunzira atatu. Woyamba wasunga nambala 7, wachiwiri wasunga 5, wachitatu wasunga yankho la kuphatikiza manambala awiriwo, lomwe ndi 12. Woyamba akajomba, tichotsa 5 pa 12 n'kupeza 7. Wachiwiri akajomba, tichotsa 7. Wachitatu akajomba, tingophatikizanso. Koma woyamba ndi wachiwiri akajomba tsiku limodzi, 12 payekha sangatiuze ngati anali 7 ndi 5 kapena 9 ndi 3. Nambala yothandizirayi amaitcha parity. Makina enieni amachita masamu ofanana ndi amenewa pa ma 0 ndi ma 1, ndipo ntchito yosunga parity imasinthanasinthana pakati pa madisiki onse.

Pali lamulo lina limene limakhudza thumba mwachindunji. RAID wamba imaona disiki iliyonse ngati yofanana ndi yaing'ono kwambiri m'gululo. Mukasakaniza ya 4TB ndi ya 8TB, ya 8TB igwira ntchito ngati ya 4TB. Synology ili ndi njira yakeyake yotchedwa SHR imene imachepetsako kuwonongeka kwa malo kotereku. Pa SHR yoteteza ku kufa kwa disiki imodzi, masamu ake ndi awa: phatikizani madisiki onse, kenako chotsani yaikulu kwambiri. Madisiki a 4TB, 4TB, 8TB ndi 8TB amapereka 16TB pa SHR, pamene pa RAID 5 amapereka 12TB. Koma onaninso kuti 4TB ndi 8TB okha amapereka 4TB basi. Kuchotsa disiki imodzi mwa awiri a 4TB n'kuikapo ya 8TB sikuwonjezera malo ngakhale pang'ono mpaka inayo itasinthidwanso.

Choyamba, kuwerengera ndi kusesa

Musanatchule za kugula, funsani chimene chadya malo. Synology ili ndi pulogalamu yotchedwa Storage Analyzer imene imaonetsa mafoda aakulu kwambiri, mitundu ya mafayilo, mafayilo obwerezabwereza ndi munthu amene akugwiritsa ntchito malo ambiri.

Nthawi zambiri zolembalemba sizikhala vuto. Kalata kapena ndandanda ya malikisi kawirikawiri siifika 1MB. Vidiyo ya pafoni yojambulidwa mowala bwino imatha kudya 100MB pa mphindi imodzi. Ndiye kuti ola limodzi la vidiyo yotere ndi 6GB, malo okwanira makalata 6,000 a 1MB. Vidiyo ya tsiku lopereka mphoto ikasungidwa ndi anthu asanu m'mafoda asanu, yadya malo kasanu. Makamera a chitetezo ndiye amadya koposa. Kamera imene ikutumiza theka la 1MB pa sekondi imadzaza 43GB pa tsiku. Makamera anayi otere amapitirira 5TB pa mwezi ngati zojambula zakale sizikufufutidwa.

Pali malo enanso obisika. Fayilo ikafufutidwa m'foda imene Recycle Bin yake ndi yoyatsa, imangosamukira m'bini ndipo imapitiriza kudya malo mpaka biniyo atakhuthulidwa. Mabokosi amene akugwiritsa ntchito Btrfs amathanso kusunga ma snapshot, omwe ndi chithunzi cha mmene foda inalili pa ola lakutilakuti. Ma snapshot ndi othandiza kwambiri pobweza fayilo yofufutidwa mwangozi, koma akasungidwa ambirimbiri amagwira malo a zinthu zimene munaganiza kuti zinachoka kale.

Kusesa kusakhale ntchito ya munthu mmodzi wosankha yekha. Ahedi, osunga chuma ndi oyang'anira makompyuta agwirizane zimene zisungidwe mpaka kalekale, monga zotsatira za mayeso ndi mabuku a ndalama, ndi zimene zingachoke pakapita nthawi. Mavidiyo akale amene satsegulidwa kawirikawiri angasamutsidwire pa madisiki akunja, koma pa madisiki awiri, chifukwa disiki yakunja nayo imafa.

Mukasesa, werengerani za m'tsogolo. Tiyerekeze kuti chaka chatha nthawi ngati ino bokosi linali ndi 1.8TB ya mafayilo ndipo lero lili ndi 3TB. Ndiye kuti likukula ndi 1.2TB pa chaka. Pakatha zaka zitatu lidzafika 6.6TB. Popeza si bwino kudzaza bokosi mpaka pakamwa, ndipo ambiri amalangiza kusiya gawo limodzi mwa magawo asanu lopanda kanthu, pafunika malo opitirira pang'ono 8TB. Masamu otere, olembedwa ndi manambala enieni a bokosi lanu, ndi amene ayenera kutsagana ndi pempho la ndalama.

Chachiwiri, kukopera zonse kwina

RAID imateteza ku vuto limodzi lokha, kufa kwa disiki. Munthu akafufuta foda ya Fomu 4 mwangozi, imafufutika pa madisiki onse nthawi imodzi. Vairasi ikatseka mafayilo, imatseka pa madisiki onse. Mphezi, moto, madzi osefukira kapena akuba amatenga bokosi lonse pamodzi ndi RAID yake. Amene anaona zimene namondwe wa Freddy anachita ku Blantyre ndi maboma ena a kum'mwera mu Malichi 2023 akudziwa kuti nyumba yonse ingathe kupita usiku umodzi.

Chitetezo chenicheni ndi kope lapadera, limene odziwa za makompyuta amalitcha backup. Lamulo losavuta kukumbukira ndi la 3-2-1: makope atatu a chinthu chilichonse chofunika, pa zipangizo za mitundu iwiri, ndipo kope limodzi likhale kutali ndi malo amene pali bokosi. Pa Synology, pulogalamu ya Hyper Backup imatha kukopera mafoda pa disiki yakunja yolumikiza pa USB. Sukulu ikakhala ndi madisiki akunja awiri, imodzi ingakhale pabokosi pamene inayo yatsekeredwa m'kabati kunyumba ina, monga ku ofesi ya komiti ya mzikiti ngati ili patali ndi sukulu, ndipo azisinthanitsidwa sabata iliyonse. Popeza muli mbiri za ana a anthu, kopelo likhale lotsekedwa ndi pasiwedi, ndipo pasiwediyo isungidwe bwino chifukwa ikatayika mungalephere kutsegula kopelo.

Kope limene silinayesedwe musalikhulupirire. Mu 1998, pamene kampani ya Pixar ya ku America inkapanga filimu ya Toy Story 2, lamulo lofufuta linaperekedwa molakwika pa kompyuta yosungira ntchitoyo ndipo mbali yaikulu ya filimuyo inafufutika. Atapita ku makope awo anapeza kuti sankakopedwa bwino. Chimene chinawapulumutsa ndi kope limene mmodzi wa akuluakulu a ntchitoyo, Galyn Susman, anali nalo pa kompyuta ya kunyumba kwake. Choncho musanakhudze disiki iliyonse m'bokosi, tengani mafayilo angapo kuchokera pa kope lapadera, muwabwezere pa kompyuta ina ndi kuwatsegula.

Njira zitatu zokulitsira malo

Njira yoyamba ndi kuika disiki m'kampata kopanda kanthu. Ngati bokosi la timipata tinayi lili ndi madisiki awiri a 4TB pa SHR, kuwonjezera yachitatu ya 4TB kumakweza malo kuchoka pa 4TB kufika pa 8TB. Iyi ndiyo njira yotsika mtengo, chifukwa disiki imodzi yawirikiza malo kawiri. Ntchitoyi imachitikira mu Storage Manager. Ngati madisiki awiriwo ali pa RAID 1, pamafunika kusintha mtundu kupita ku RAID 5, apo ayi disiki yachitatu ingokhala kope lachitatu la zomwezo. Pa SHR, disiki yatsopano ikhale yofanana ndi imene ilimo kale kapena yoposa yaikulu kwambiri. Chilichonse chimene chinali pa disiki yatsopanoyo chimafufutidwa. Ndipo disiki ikalowa m'gulu, simungadzachepetse chiwerengero cha madisiki popanda kuphwasula zonse n'kuyambiranso.

Njira yachiwiri ndi kusintha madisiki aang'ono ndi aakulu, imodzi imodzi. Iyi ndi ya bokosi limene timipata tonse tadzaza. Mumazula disiki imodzi, kuika yaikulu, n'kulamula bokosi kuti likonze gululo pogwiritsa ntchito Repair. Kenako mumadikira mpaka Storage Manager italemba kuti Healthy. Pokhapo m'pamene mungazule yachiwiri. Kuzula madisiki awiri nthawi imodzi pa RAID 1, RAID 5 kapena SHR wamba kuli ngati ophunzira awiri aja kujomba tsiku limodzi. Musanazule, onetsetsani nambala ya kampata pa sikirini ndi pabokosi penipeni, makamaka ngati disiki ina yafa kale, chifukwa kuzula yamoyo m'malo mwa yakufa kumagwetsa gulu lonse. Onaninso m'buku la bokosi lanu ngati limalola kuzula disiki lili loyaka. Ngati sililola, lizimitseni kaye. Pa RAID 5 malo amawonjezereka madisiki onse akasinthidwa, pamene pa SHR amayamba kuwonjezereka awiri akakhala aakulu. Ngati pali kampata kopanda kanthu, DSM 7 ili ndi njira ya Replace Drive imene imakopera disiki yakale pa yatsopano yakaleyo isanazulidwe, motero chitetezo sichichoka pa nthawi yonse ya ntchitoyo.

Njira yachitatu ndi kugula bokosi lowonjezera. Mwachitsanzo, DX517 ya Synology ili ndi timipata tisanu ndipo imalumikizidwa ndi chingwe cha eSATA, koma ku mabokosi okhawo amene anapangidwa kuti aziilandira. Nzeru yabwino ndi kupanga storage pool yapadera m'bokosi lowonjezeralo. Gulu limodzi likatambasuka m'mabokosi awiri, chingwe chikazuka kapena bokosi limodzi likazima, madisiki angapo amasowa nthawi imodzi. Disiki wamba ya USB siingaphatikizidwe m'gulu la madisiki a m'kati. Ntchito yake ndi ya makope.

Musanagule chilichonse, onani malire a bokosi lanu. Mabokosi ena aang'ono a Synology salola volume imodzi kupitirira 16TB, ngakhale muikemo madisiki aakulu bwanji.

Maola oopsa

Disiki imodzi ikazulidwa, DSM imalemba kuti gululo ndi Degraded. Mafayilo akutsegukabe, koma chitetezo chachoka. Kuti bokosi lidzaze disiki yatsopano, liyenera kuwerenga madisiki otsalawo kuyambira koyamba mpaka kumapeto osapuma. Madisiki amenewa nthawi zambiri anagulidwa tsiku limodzi ndipo azungulira maola ofanana ndi imene yachotsedwa. Ngati ina inali ndi chilema chobisika pamalo amene sanawerengedwe kwa miyezi, m'pamene chimaonekera.

Ntchitoyi siichedwa pang'ono. Kulemba disiki ya 8TB pa liwiro la 150MB pa sekondi kumatenga pafupifupi maola 15, bokosi lisakuchita china chilichonse. Kusintha kuchoka pa madisiki awiri kupita pa atatu kumafuna kusanjanso mafayilo onse, ndipo kungatenge masiku. Mukasintha madisiki anayi, mudutsa m'nyengo yoopsayi kanayi.

Pali zinthu zitatu zochepetsa ngozi. Choyamba, pimani madisiki musanayambe. Disiki iliyonse imasunga mbiri ya thanzi lake yotchedwa S.M.A.R.T., ndipo DSM imatha kuyesa disiki yonse kudzera mu Extended Test. Imathanso kuchita Data Scrubbing, komwe ndi kuwerenga gulu lonse ndi kukonza zosagwirizana chitetezo chikadalipo. Disiki imene yaonetsa malo owonongeka ndiyo iyambe kusinthidwa.

Chachiwiri ndi magetsi. Kwathu kuno magetsi amatha kuzima nthawi iliyonse, ndipo kuthima mwadzidzidzi bokosi lili pakati polemba kungawononge mafayilo. Bokosi likhale pa UPS, batire lija limene limagwirizira magetsi akazima, ndipo UPS ilumikizidwe ku bokosi ndi chingwe cha USB. Chingwe chimenechi n'chimene chimauza bokosi kuti magetsi apita kuti lisiye kulemba mwadongosolo batire lisanathe. Kumene kuli sola, onetsetsani kuti mabatire angafike m'mawa.

Chachitatu ndi nthawi. Ntchitoyi ichitike pa holide kapena kumapeto kwa sabata, pamene anthu ochepa akugwiritsa ntchito bokosi. Sabata yolowetsa malikisi kapena yolembetsa mayeso a MANEB si nthawi yake.

Kusankha disiki

Disiki ya m'bokosi imazungulira usana ndi usiku, moyandikana ndi anzake amene akunjenjemera nawo. Pali madisiki opangidwira ntchito imeneyi, monga Seagate IronWolf, WD Red Plus ndi Toshiba N300.

Funsani ngati disiki ndi ya CMR kapena SMR. Pa CMR mizere yolembapo imagona moyandikana popanda kukwerana. Pa SMR mizere imakwerana ngati malata a padenga, kuti pakwane zambiri. Kuti musinthe lata limodzi la pakati muyenera kutukula oyandikana nalo, ndipo n'chimodzimodzi ndi SMR: kulembanso mzere umodzi kumafuna kulembanso oyandikana nawo. Pa ntchito yolemba maola ambiri osapuma, monga kukonza RAID, disiki yotere imatha kuchedwa kwambiri. Mu 2020 kampani ya Western Digital inavomera kuti madisiki ena a WD Red a pakati pa 2TB ndi 6TB anali a SMR, ndipo pambuyo pake inapatsa a CMR dzina lakuti WD Red Plus. Liwu limodzi pa lebulo lingasinthe zambiri.

Onani nambala ya mtundu wa disiki pa ndandanda ya madisiki ovomerezeka imene opanga bokosi amatulutsa. Sungani lisiti ndi pepala la waranti. Disiki ikangofika, onani mu S.M.A.R.T. maola amene yagwirapo ntchito, chifukwa yatsopano siyenera kukhala ndi maola mazanamazana.

Madisiki akale amene mwachotsa akadali ndi mayina, malikisi ndi mbiri za fizi. Dziko la Malawi lili ndi lamulo loteteza mbiri za anthu, Data Protection Act ya 2024, ndipo ngakhale popanda lamulo, zinthu za ana a eni sizoyenera kupezeka pamsika. Disiki ifufutidwe kotheratu isanaperekedwe kwa wina. Imene ikadali yathanzi ingaikidwe m'kachikwama ka USB n'kukhala kope lowonjezera.

Kuti lisadzazenso msanga

Ikani malire. DSM imalola kupatsa munthu aliyense kapena foda iliyonse mlingo wa malo, umene umatchedwa quota. Bini azikhuthulidwa yekha pakapita masiku amene mwagwirizana, ma snapshot akale azichoka okha, ndipo zojambula za makamera zikhale ndi masiku ake osungidwa. Yatsani machenjezo kuti bokosi lizitumiza imelo malo akachepa kapena disiki ikayamba kudwala, ndipo uthengawo uzipita kwa anthu awiri. Bokosi likamalira kapena nyali yake ikasanduka yachikasu, musangolitseka pakamwa. Limenelo lingakhale bokosi limene likuthamanga popanda chitetezo.

Bokosi likhale pamalo okwera, odutsa mphepo, otalikirana ndi dzuwa ndi fumbi. Pulogalamu yake izilandira zosintha zatsopano, ndipo lisatsegulidwe ku intaneti popanda chifukwa chomveka. Mu Januwale 2022 vairasi yotchedwa DeadBolt inatseka mafayilo m'mabokosi ambiri a QNAP amene anali otsegukira ku intaneti, ndipo eni ake anauzidwa kuti alipire ndalama ya Bitcoin kuti awatsegulire.

Pomaliza, pakhale kabuku kolembamo mtundu wa RAID, kukula ndi tsiku logulira disiki iliyonse, kampata kamene ili, ndi tsiku limene kope lapadera linayesedwa komaliza. Pasiwedi ya woyang'anira ikhale mu envulopu yomata kwa ahedi. Aphunzitsi amasamuka, koma bokosi limatsala.

Gawo la aliyense

Inu ophunzira, musasunge nyimbo ndi mafilimu m'foda za sukulu, ndipo fayilo imene ili kale m'foda ya onse musaikoperenso m'foda yanu. Mukafufuta chinthu mwangozi, nenani tsiku lomwelo bini asanakhuthulidwe. Musazule chingwe chilichonse pabokosi kapena pa UPS kuti mutchaje foni.

Inu makolo ndi akuluakulu a komiti, pempho la ndalama likafika, simufunika kukhala akatswiri kuti mulipime. Funsani mafunso awa. Kodi chadya malo n'chiyani, ndipo zasesedwa? Kodi bokosi likukula ndi malo ochuluka bwanji pa chaka? Tikagula madisiki amenewa, malo enieni ogwiritsa ntchito akhala angati, ndipo atifikitsa chaka chiti? Kodi madisiki angafe angati mafayilo osatayika? Kope lapadera lili kuti, ndipo linayesedwa liti? Kodi UPS ilipo ndipo batire lake ndi lamoyo?

Ndalama zikakhala zochepa moti simungagule zonse nthawi imodzi, yambani ndi disiki ya kope lapadera, kenako UPS, ndipo madisiki okulitsira malo abwere pambuyo. Bokosi lodzaza limangosowetsa mtendere kwa masabata angapo pamene mukusonkha ndalama. Malikisi a ophunzira a zaka zisanu akatayika, palibe sitolo imene mungakawagule.